Kumene Nkhalamba Zimaukitsa Timagalimoto Takufa

Mkuluyo adali wa imvi mutu wonse, wovala malaya oyera ositidwa bwino monga munthu wopita ku Mgonero. Ndipo atakhala pa kampando kopinda kuseri kwa tebulo lalitali, ndi magalasi awiri pamphuno pake, ena a maso ndi ena okuza zinthu onga aja a okonza mawotchi, adatola ndi kachitsulo kopanira kanthu kosaposa njere ya mpunga, nakayandikiza pang'onopang'ono pa chitseko cha galimoto imene ikadakwana bwinobwino m'chikhatho chake.

Kanthuko kadali kagalasi koonera zam'mbuyo.

Iye adaleka kupuma. Ifenso amene tidaima momuzinga, anthu osadziwana ndi osamvana zinenero, tidaleka kupuma naye pamodzi. Ndipo kagalasiko katakhazikika pamalo pake, mpweya wa tonsefe udatuluka nthawi imodzi, mayi wina nawomba m'manja mwakachetechete ndi nsonga za zala zokha.

Pambali pa kagalimotoko padali chithunzi chosonyeza m'mene kadaliri kasanalowe m'manja mwa mkuluyo: denga lothyoka mzati, penti wokhuthala ngati phala la mgaiwa, matayala awiri kulibe, galasi lakutsogolo loyera mbuu ndi guluu. Mwana wina, zaka makumi angapo zapitazo, adakamanga mwaphuma tsiku limodzi, nasewera nako kufikira atatopa, nakaponya m'katoni. Lero kadali kunyezimira pansi pa nyali za magetsi monga galimoto yongotuluka kumene m'fakitale.

Kumeneku n'ku Shizuoka, mzinda wa m'mbali mwa nyanja m'dziko la Japan, ulendo wa ola limodzi kuchoka ku Tokyo pa sitima yaliwiro ija amati Shinkansen, kumene phiri la Fuji limaonekera patali kukacha bwino, ndipo minda ya tiyi yoyala m'zitunda imakumbutsa mlendo wochokera kwathu za ku Thyolo ndi ku Mulanje. Chaka ndi chaka m'mwezi wa Meyi, m'nyumba yaikulu ya zionetsero yotchedwa Twin Messe, mumachitika Shizuoka Hobby Show, msonkhano umene udayamba mu 1959, ndipo umasonkhanitsa makampani, amalonda ndi anthu wamba a m'maiko ambiri chifukwa cha chinthu chimodzi: tizifanizo ta pulasitiki ta magalimoto, ndege ndi zombo, timene munthu amagula tili zidutswazidutswa m'bokosi, nakadzimangira yekha kunyumba.

Masiku oyamba ndi a amalonda. Tsiku lina amalipatulira ana a sukulu. Koma Loweruka ndi Lamulungu zitseko zimatsegukira aliyense, ndipo ndi pamene magulu a anthu okonda ntchitoyi amayala zomanga zawo zikwizikwi pa matebulo, eni ake atakhala kuseri, okonzeka kuweramira aliyense woima kuti ayang'ane.

Ndidapita kumeneko ndi funso limene owerenga ali nalo kale pamilomo: kodi munthu wamkulu, wa ana ndi zidzukulu, angathere bwanji ndalama zake ndi tulo take pa zidole?

Tiyambe tatsegula bokosi.

M'katimo mulibe galimoto. Muli thupi lake lokha, lopanda kanthu ngati chigoba cha nkhono, ndi mafulemu angapo a pulasitiki amene tizidutswa tonse tamerapo monga zipatso pa nthambi: chiwongolero, mipando, mabuleki, injini yogawika pakati, ngakhale kabotolo ka madzi otsukira galasi. Mafulemuwo si okongoletsa ayi; ndiwo ngalande zimene pulasitiki yosungunuka idadzeramo pamene makina adaikankha mwamphamvu m'chikombole chachitsulo. Amene adaumbapo njerwa akudziwa kuti njerwa siiposa chikombole chake. Momwemonso pano, ulemu wonse wa kampani uli m'chikombole, chimene chimasemedwa mosamala ndi pamtengo waukulu, ndipo chikasungidwa bwino chimatha kugwira ntchito zaka makumi ambiri. Palinso matayala a mphira, magalasi oonekera, kapepala ka zizindikiro zomata ndi madzi, ndi pepala la malangizo lokhala ndi zithunzi, limene munthu wosadziwa Chijapani angalitsate osasochera.

Pa bokosi pamalembedwa muyeso. Wofala kwambiri pa magalimoto ndi 1/24, ndiko kunena kuti galimoto ya mamita 4.8 m'litali imasanduka ya masentimita 20. Aku America adazolowera 1/25. Magalimoto a mpikisano wa Formula One amakonda kukhala a 1/20, ndipo mafumu a onsewo ndi a 1/12, amene zitseko zake zimatseguka, chiwongolero nichitembenuza matayala.

Choncho wogula sagula chidole. Amagula ntchito.

Chifukwa chimene ntchitoyi idakhazikikira ku Shizuoka, osati ku Tokyo kapena ku Osaka, n'chakale kuposa pulasitiki. Tokugawa Ieyasu, wolamulira amene adagwirizanitsa dziko la Japan pambuyo pa nkhondo za zaka zambiri, atasiyira mwana wake mpando adadzakhala mumzinda uno, umene nthawiyo unkatchedwa Sunpu, namwalira komweko mu 1616, naikidwa pa phiri la Kunozan, pamene adammangira kachisi wa ulemerero. Mdzukulu wake Iemitsu adalamula mu 1634 kuti kachisi wa Sengen amangidwenso. Ndipo pa ntchito zimenezi kudaitanidwa amisiri a matabwa, osema ndi opaka utoto ochokera m'zigawo zonse za dziko, amene ambiri mwa iwo, ntchito itatha, poona kuti nyengo ya kuno njofatsa ndi mitengo njochuluka, sadabwererenso kwao. Zidzukulu zao zidapanga mipando, makabati, nsapato zamatabwa ndi zidole za pa zikondwerero, ndipo luso la kusema kanthu kakang'ono molondola lidakhala cholowa cha mzindawo.

M'zaka za m'ma 1930 Jiro Aoshima, munthu wokonda zouluka, adayamba kugulitsa tindege tamatabwa, ndipo kampani ya dzina lake ilipo mpaka lero. Hasegawa idayamba mu 1941, Fujimi mu 1948. Mu 1946 Yoshio Tamiya adatsegula malo ocheka matabwa, ndipo posakhalitsa adayamba kupanga tizombo tamatabwa, kufikira ntchito yaing'onoyo idameza yaikulu ija.

Koma pulasitiki idadza kuchokera kutsidya la nyanja, ndipo idadza ngati dzombe.

Ku America, m'zaka zotsatira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ogulitsa magalimoto ankapatsa makasitomala ao timagalimoto tofanana ndi galimoto za chaka chimenecho, kuti mwana akasewere nato kunyumba, bambo wake namayang'ana ndi kusirira. Kampani ya AMT ya ku Michigan, imene idayamba mu 1948, inkapanga timeneti. Ndipo mu 1958 idayamba kutigulitsa tili zidutswa, m'bokosi limodzi muli zipangizo zoti mwana asankhe kumanga galimoto wamba, yokongoletsedwa, kapena ya mpikisano. Revell ya ku California idali itatsogola kale mu 1951 ndi magalimoto amakedzana. Ku Britain, Airfix idalowa m'ntchitoyi mu 1949 ndi thirakitala ya Ferguson, kholo la mathirakitala ofiira aja a Massey Ferguson amene alimi a kwathu amawadziwa bwino. Zinthu zimenezi zitafika m'sitolo za ku Japan, ana adafulatira matabwa, pakuti kusema chombo kumafuna milungu, pamene pulasitiki imafuna madzulo amodzi.

Amisiri a ku Shizuoka adaona kuti akapanda kusintha adzafa ndi njala. Chombo choyamba cha pulasitiki cha Tamiya, Yamato, chidatuluka mu 1960 ndipo sichidayende malonda. Koma mwana wa mwini kampaniyo, Shunsaku Tamiya, adali munthu wa khama loopsa pa nkhani ya kulondola, woyendayenda m'maiko ndi kamera ndi tepi yoyezera. Ndipo za iye ikusimbidwa nkhani imene aliyense m'nyumba ya chionetseroyi amaidziwa monga ife tidziwira nthano za kalulu. Pofuna kupanga kafanizo ka Porsche 934, kamene kadatuluka mu 1976, kampaniyo idagula Porsche 911 yeniyeni, antchito naimasula yonse chidutswa ndi chidutswa kuti ayeze chilichonse. Koma atatha kuyeza padalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuibwezera, kotero kuti adachita kuitana amakaniko a Porsche kudzawapulumutsa.

Bambo Shunsaku Tamiya adamwalira mu Julaye 2025 ali ndi zaka 90, ndipo adawalira anthu a m'maiko amene iwo sadapondemo.

Pa masiku a chionetsero likulu la kampaniyo limatsegulira alendo, ndipo polowera pake paima magalimoto enieni a mpikisano. Pakati pao pali Tyrrell P34, chilombo cha matayala asanu ndi limodzi, anayi ang'onoang'ono kutsogolo ndi awiri aakulu kumbuyo, mtundu wa galimoto imene Jody Scheckter wa ku South Africa adapambana nayo mpikisano wa ku Sweden mu 1976. Ndidaona bambo wina ataimika mdzukulu wake patsogolo pa galimotoyo, akumuwerengetsa matayala ndi chala.

Lero chigawo cha Shizuoka chimatulutsa pafupifupi magawo asanu ndi atatu mwa magawo khumi a tizifanizo tonse ta pulasitiki ta m'dziko la Japan, ndipo mzindawo suchita nazo manyazi. Kuyambira mu 2021 akuluakulu a mzinda akhala akuimika m'misewu zipilala zooneka ngati mafulemu aja a m'bokosi. Pali ngakhale bokosi la positi, loponyamo makalata enieni, lopangidwa ngati kuti likudikira chimphona china chidzalidule ndi kulimata.

Tsopano tifike pa tchimo.

Anthu a ntchitoyi ali ndi mawu akuti tsumipura. Pura ndi chidule cha pulasitiki. Tsumi ndi kuunjika. Koma liwu lomwelo, likalembedwa ndi chilembo china, limatanthauza tchimo, ndipo iwo eni amadziwa bwino lomwe kuti matanthauzo onse awiri ndi oona. Tsumipura ndi mulu wa mabokosi ogulidwa koma osamangidwa, umene umayamba ndi awiri pamwamba pa kabati, nukwera kufika kudenga, nulowa pansi pa bedi, nuyamba kubisidwa kwa mayi wa m'nyumba. Munthu amatha kumanga galimoto zisanu kapena zisanu ndi imodzi pa chaka ngati ali wosamala, koma kugula angagule zisanu Loweruka limodzi. Ndipo safunika kukhala mphunzitsi wa masamu kuti aone kuti masiku a moyo wake adzatha mulu usanathe. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Mliri wa Covid-19 udakuza muluwo. Anthu atatsekeredwa m'nyumba mu 2020, ambiri adakumbukira zimene ankachita ali ana, mashelefu a m'sitolo nayera, ndipo padabuka anthu ogula zambiri n'cholinga chogulitsanso pa intaneti pamtengo wokwera, amene omanga enieni amawayang'ana monga momwe mlimi amayang'anira vendala wogula chimanga chisanaume.

Osonkhanitsa ali m'magulu awiri, ndipo sagwirizana. Ena amati bokosi lakale, makamaka limene pepala lake loonekera silinang'ambidwe, ndi chuma chosayenera kukhudzidwa, pakuti likangotsegulidwa mtengo wake wagwa. Amasunga chithunzi cha pa chivundikiro, fungo la katoni, ndi chaka chimene adali ndi zaka khumi. Ena amati galimoto idapangidwira kumangidwa, ndipo woisunga m'bokosi ali ngati kapolo uja wa m'fanizo amene adakumba pansi nabisa ndalama ya mbuye wake. Ine, ngakhale ndine mlendo pa mlanduwu, mtima wanga uli ndi achiwiriwa. Ndiponso chuma cha oyambawo n'chosadalirika, chifukwa zikombole zakale sizifa msanga: kampani ya Round 2 ya ku Indiana, imene tsopano ili ndi maina a AMT ndi MPC, imafukula zikombole za m'ma 1960 ndi kutulutsanso galimoto zomwezo m'mabokosi ofanana ndi akale, ndipo tsiku limene zatuluka, munthu amene adalipira ndalama zambiri pa bokosi losowa amagona ndi mutu.

Palinso china chimene wosunga bokosi lotseka sachiona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Matayala a galimoto zambiri zakale ali ndi mankhwala ofewetsa amene amatuluka pang'onopang'ono, ndipo tayala likagona pa denga kapena pa galasi zaka makumi awiri, limasungunula pulasitiki ndi kusiya chipsera chozungulira ngati cha nsimbi. Kapepala ka zizindikiro kamachita chikasu, ndipo kakaviikidwa m'madzi zizindikirozo zimamwazika ngati mamba a usipa. Timagalimoto ta ogulitsa magalimoto ta m'ma 1950 tidapangidwa ndi mtundu wina wa pulasitiki umene umapindika ndi zaka, kotero kuti lero tambiri tili ndi msana wokhota ngati nthochi. Njenjete ndi dzimbiri zili ndi abale ao m'dziko la pulasitiki.

Apa ndi pamene okonza zakale amalowera, ndipo kwa ine iwowa ndiwo ansembe a ntchitoyi.

Pakati pa mzindawo pali sitolo yaikulu ya Suruga-ya, kaunjika wa zinthu zotere, kumene mabokosi ogwiritsidwapo kale ntchito aunjikana m'mashelefu. M'sitolo za mtundu umenewu ku Japan mumakhala zinthu zolembedwa kuti janku, ndiko kuti zogulitsidwa monga ziliri, wogula asadzabwere kudzadandaula. Aku America galimoto yomangidwa moipa ndi mwana amaitcha glue bomb, bomba la guluu. Munthu wamba akaona thumba la zotere amaona zinyalala; wokonza amaona chigwa chija cha mafupa owuma chimene mneneri Ezekieli adaonetsedwa, ndipo mtima wake umayamba kugunda.

Ntchito yoyamba ndi kumasula, ndipo njovuta kuposa kumanga, chifukwa guluu wa ntchitoyi samata monga ulimbo, koma amasungunula mbali ziwirizo kuti zikhale thupi limodzi, monga amachitira wowotcherera zitsulo. Ena amanyowetsa galimotoyo, naikulunga m'kathumba, naigoneka m'firiji youmitsa usiku wonse, kuti madzi olowa m'ming'alu akauma akankhe mfundozo ndipo guluu wakale akhale wosachedwa kuthyoka. Pamene kuzizira kwalephera, pamalowa kasowo kopyapyala ngati lumo.

Kenaka penti. Apa safunsa adadya phula, pakuti thina wa amakaniko, amene amachotsa penti pa galimoto yeniyeni, amasandutsa kagalimoto ka pulasitiki phala m'kanthawi kochepa. Odziwa amaviika thupilo m'sipiriti wamphamvu, kapena amalipopera mankhwala otsukira uvuni nalitsekera m'chigubu, atavala magolovesi. Ena akale amakhulupirira mafuta a mabuleki, ngakhale kuti amenewa nthawi zina amasiya pulasitiki yosachedwa kusweka. Pakapita tsiku kapena masiku, penti amatupa nayamba kusupuka ngati khungu la njoka, ndipo mswachi wakale umamaliza ntchito m'makona. Mabampala onyezimira, amene kunyezimira kwake kwayamba kutha, amaviikidwa m'mankhwala oyeretsera zovala, ndipo siliva yense amasungunuka munthu akuona.

Chimatsala ndi thupi lamaliseche, ndi zolakwa zonse za mwana uja zili poyera.

Zosowa zimafunidwa. Wokonza aliyense ali ndi bokosi la zotsalira, manda a galimoto zimene sizidapulumuke, mmene amafukulamo chiwongolero kapena nyali monga momwe dalaivala wa kwathu amayendera m'misika ya zipangizo zakale kufunafuna sitata. Chikasowa ndithu, amabwereka kwa mnzake chidutswa chonga chomwecho, naumba kachikombole ka mphira wofewa, nathiramo utomoni wouma msanga. Achinyamata masiku ano amachijambula pa kompyuta ndi kuchitulutsa pa makina a 3D. Koma nzeru imene idandikondweretsa koposa njosalira ndalama: amadula kamtengo ka fulemu ija, nakatenthetsa pamwamba pa kandulo kufikira kafewa, nakakoka mbali zonse ziwiri, ndipo kamatalika kukhala ulusi woonda ngati tsitsi, umene umasanduka eriyo ya wailesi kapena nthambo za injini.

Galasi loipitsidwa ndi guluu ndilo yeso lalikulu la chikhulupiriro, chifukwa mankhwala ake ndi kuliononga koposa. Amalikwecha ndi sandipepa kufikira lonse lachita mbuu, osaonanso kanthu. Kenaka ndi wosalala pang'ono, kenaka wosalala koposa, motsatizana, osalumpha ndi mmodzi yemwe, ndipo pomalizira ndi mankhwala opukutira pa kansalu kofewa. Ndipo pamene munthu wayamba kutaya mtima, kuwala kumabwerera.

Penti watsopano amapopedwa ndi kachipangizo konga cholembera, kotulutsa utoto ngati nkhungu, mosanjikiza mopyapyala kangapo, ndi kudikira masiku pakati pake. Mdani wamkulu ndi fumbi. Kachitsotso kamodzi kakatera pa boneti penti asanaume, pa muyeso wa 1/24 kali ngati mwala, ndipo ntchito ya mlungu wathunthu ibwerera pambuyo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikadakhala ndi ulamuliro ndikadaulemba mwambi umenewu pa chipata cha Twin Messe.

Zizindikiro zachikasu zija amazimata pa zenera kuti dzuwa liziyeretse kwa milungu ingapo, kenaka nazipaka madzi ena oumitsa kuti zisamwazike. Ndipo pano pali kankhani kotikhudza ife a dziko la fodya. Magalimoto ambiri otchuka a mpikisano adali ovala maina a ndudu: McLaren yofiira ndi yoyera ya Ayrton Senna idali ya Marlboro, Lotus yakuda ndi golide idali ya John Player Special. Malamulo oletsa kutsatsa fodya atakhwima, makampani adaleka kuika mainawo m'mabokosi, kotero kuti galimoto yotulutsidwanso lero imabwera ndi malo opanda kanthu; ndipo womanga wofuna choonadi cha mbiri amachita kugula mainawo padera kwa anthu ena ang'onoang'ono osindikiza, mwakabisira pang'ono, monga munthu wogula kachasu.

Sikuti onse amavomereza kukonza kotere. Alipo amene amati galimoto yomangidwa ndi mwana mu 1965, ndi penti wake wodontha ndi nambala zake zopendama, ndi umboni wa ubwana wa munthu wina, ndipo kuisupula ndi kufafaniza dzanja lake. Mawu amenewa adandilasa, ndipo sindidawapezere yankho lokwanira. Ndingoti pali kusiyana pakati pa galimoto imene mwini wake akali kuikumbukira, ndi imene yafika m'thumba la janku yopanda dzina, yoyembekeza moto wa zinyalala.

Kandimverere adakanena za m'maluwa, choncho ndidagula bokosi langa, lotsika mtengo, pamodzi ndi kabotolo ka guluu ndi kodulira, ndipo usiku ndidakhala pansi m'chipinda cha alendo kuti ndiimange galimotoyo. Zonse zidayenda bwino kufikira pa galasi lakutsogolo. Ndidathira guluu wochuluka, iye nayenderera pansi pa chala changa chachikulu, ndipo nditachotsa chalacho, chidindo chake chidatsala pakati pa galasi, mizere yonse yooneka bwino, monga pa chiphaso cha munthu wosadziwa kulemba. Ndidakhala ndikuchiyang'ana nthawi yaitali. Ndidali nditapanga bomba langa la guluu ndili ndi imvi zanga, ndipo ndidamvetsa chifukwa chake mkulu uja adaleka kupuma.

M'mawa mwake ndidabwerera ku chionetsero ndi maso ena, ndipo ndi pamene ndidayamba kuona za kwathu. Pa tebulo lina padali Datsun 240Z yofiira ya boneti yakuda, yopakidwa matope a ku East Africa, pokumbukira kupambana kwake pa mpikisano wa Safari mu 1971. Pa lina padali Land Cruiser. Ndipo pakati pa magalimoto a mafumu ndi a mipikisano padaima Toyota HiAce yoyera, yomweyo imene imatinyamula tsiku ndi tsiku kuchoka ku Limbe kupita ku Blantyre, imene imafika kwathu itatha kale moyo umodzi ku Japan, kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Idangosowa kondakitala wolendewera pakhomo ndi thumba la makala kumbuyo.

Pamenepo ndidakumbukira anyamata a kwathu.

Mnyamata wa ku Ndirande kapena wa ku Kawale alibe bokosi, alibe pepala la malangizo, alibe chikombole cha mtengo wapatali. Ali ndi waya wotola, malegeni odula ku chubu chakutha, zitsekerero za mabotolo, patapata wakale wosema matayala, ndi mwala m'malo mwa hamala. Koma amaima m'mbali mwa msewu nayang'ana lole ikudutsa, ndipo diso lake limayeza zimene Bambo Tamiya ankayeza ndi tepi: kutalika kwa kabini poyerekeza ndi thupi, malo a matayala, kupendama kwa galasi. Galimoto yake imakhota ndi chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, ndipo ina imanepa pa mabampu chifukwa adaiikira masipuling'i. Luso limeneli lidadziwika ndi kunja komwe: buku la ana la Karen Lynn Williams lotchedwa Galimoto, lotuluka mu 1990, likusimba za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya, ndipo ana a ku America akhala akuliwerenga m'sukulu zao.

Kusiyana kwake n'kumodzi, ndipo si kwa luso. Ku Shizuoka mdzukulu wa mmisiri wa matabwa adapeza anthu omuuza kuti kanthu kakang'ono kopangidwa molondola n'kolemekezeka, ndipo mzinda wonse udadya za lusolo. Kwathu mnyamata akafika Sitandade 8 timamuuza kuti wakula, aleke zachibwana. Galimoto yake imagona kuseri kwa khitchini, mvula niipeza komweko, ndipo waya wake amathera pa khola la nkhuku. Ndafunsa anzanga ambiri a msinkhu wanga, amene onse adali amisiri a mawaya pa ubwana wao, ena mwa iwo lero ndi mainjiniya: palibe ndi mmodzi yemwe amene adasunga yake. Inenso yanga ndilibe.

Galimoto yanga ya chidindo cha chala ndidabwera nayo, ndipo ili pa shelefu kudikira sandipepa ndi kulimba mtima.

Koma inu bambo, inu mayi, amene mwana wanu akukhotetsa waya pakhonde pamene mukuwerenga nkhani ino: akadzatopa nayo galimotoyo, musaitaye kudzala. Ipukuteni ndi kansanza ka mafuta, mulembe dzina lake ndi chaka pa kapepala, mumangirire ku chiwongolero, ndipo muiike pamwamba pa kabati pamene mvula siifika.